Zingwe za a Telala

Dzina lakuti Chidindo sanachite kutola panjira, analikhetsera thukuta. Kumalo osindikizira mabuku kumene ankagwira ntchito, pepala silinkatuluka pakhomo iye asanaliyang'ane kutsogolo ndi kumbuyo. Ku bungwe la ophunzira akale a sukulu yake ya pulayimale, kumene anali mlembi, ndiye kunali kunyanya. Chidindo cha bungwe chinkagona m'thumba la jekete lake pamodzi ndi kabokosi ka inki, ndipo anzake ankati tsiku lokalowa kumwamba iyeyu adzayamba wauza mngelo wapachipata kuti aonetse kalata yomulembera ntchito.

Koma tisamuseke kwambiri, chifukwa popanda munthu ameneyu bungwelo likanafa chaka chomwe linabadwa. Ndiye anasakasaka anthu amene anabalalika kalekale, wina woyendetsa malole, wina namwino, wina wogulitsa nsapato pamsika, mpaka gulu lawo la pafoni linakwana anthu mazana anayi. Wina akadwala, uthenga unkachokera kwa iye. Wina akamwalira, iye ndiye ankakumbutsa anthu kuti malemuwo ankakhala desiki ya pafupi ndi zenera, komanso kuti ndi omwewo anaswa galasi la ofesi ya a hedi ndi mpira. Sukuluyo ankaikonda mosaona cholakwa, ngakhale denga likudontha.

Sukulu itatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, bungwe linagwirizana kuti mayina a onse amene anaphunzirapo alembedwe ndi penti pakhoma lalitali la holo, chaka ndi chaka, kuyambira ana oyambirira. Chidindo anaimirira pamsonkhano n'kupempha lamulo limodzi: dzina lisakwere pakhoma popanda umboni. Umboniwo ukhale kaundula wa sukulu, satifiketi, lipoti la mayeso kapena chithunzi cha kalasi. Anali ndi chifukwa chake. Anthu ena otchuka mumzindamo anali atayamba kukumbukira mwadzidzidzi kuti anaphunzira pomwepo, chikhalirecho ngakhale kumene kunali chimbudzi cha anyamata sankakudziwa. Anthu anaombera m'manja lamulolo, ndipo iye analidinda.

Ambiri anabwera ndi mapepala awo ofiirira ndi ukalamba. Ena anabwera chimanjamanja, ndipo amenewa Chidindo ankawalemba papepala lina n'kuwauza kuti adikire tsiku lotsegula makaundula akale. Mmodzi wa iwo anali mayi wa imvi za apo ndi apo, telala wa kuseri kwa mpanda wa sukulu, amene ankasoka mayunifomu a ana pafupifupi onse.

"Ine ndinalekezera sitandade 5, a Mlembi," anatero a Telala. "Satifiketi ndilibe. Malipoti anadya makoswe ndili mtsikana."

"Ndiye n'zovuta, mayi. Pano sitilemba za m'mutu."

"Chabwino, bambo."

Sanadandaule, sanakweze mawu. Anangochotsa kaulusi kamene kanamata pamkono wa jekete la Chidindo n'kubwerera kumakina awo.

Pa mayina onsewo, panali limodzi limene Chidindo ankalidikira ndi mtima wonse. Iye anali ndi mkulu wake amene sanamudziwe. Mwanayo anaphunzira pasukulu yomweyo zaka zitatu, kenako anamwalira patchuthi atadwala masiku anayi okha, Chidindo akadali kumsana. Chithunzi chake panalibe. Kunyumba ankangomutchula kuti Kamphepo, poti akuti sankadziwa kuyenda, kwake kunali kuthamanga basi. Chidindo anakula akumva mawu akuti "achimwene ako akanakhalapo", ndipo m'maganizo mwake achimwenewo anali chimunthu chachitali, cha mapewa otambalala, choti anzako akakumenya ukachiitane. Ngakhale imvi zitayamba kumera m'mutu mwake, achimwene aja ankamuposabe msinkhu.

Amayi ake, amene anali atadutsa zaka makumi asanu ndi atatu, atamva za khomalo anasiya zimene ankachita.

"Ndiye kuti nayenso alembedwa?"

"Alembedwa, amayi. Kaundula saiwala munthu."

"Pamanda paja mtanda unagwa kalekale," anatero amayiwo. "Palibe paliponse padziko pano pamene palembedwa kuti mwana uja anakhalapo. Ndikaone dzina lake ndi maso angawa ndisanawatseke."

Kuyambira tsiku limenelo, Chidindo akapita kukawaona, moni usanathe n'komwe funso linkakhala la khoma.

Tsiku lotsegula makaundula linafika. A hedi anasaka makiyi m'madilowa atatu, n'kumutsogolera kustolo ya kuseri kwa ofesi, mmene munali madesiki othyoka, mapu ong'ambika ndi ng'oma ya bandi yobowoka. Pakona panali kabati yamatabwa, penti wake wosasupuka, loko wake wolimba. Chinali chikomekome cha mkuyu. Atatsegula, dothi linakhuthukira pansapato zawo. Makaundula a zaka makumi awiri ndi zisanu zoyambirira anali atasanduka chulu. Chidindo ananyamula limodzi mwa mabukuwo, chikuto chokha chinatsala m'manja, zina zonse n'kuyoyokera pansi.

"Chiswe sichilemekeza mbiri, a Mlembi," anatero a hedi, poyesa kupeputsa nkhani.

Chidindo sanaseke. Anagwada n'kuyamba kupapasa m'dothimo ngati munthu amene wataya singano, kufuna kachidutswa kalikonse kokhala ndi chilembo. Anatuluka m'stolomo mawondo ali mbuu, m'manja mulibe kanthu.

Apa ndiye mwamuna anagwira njakata. Msampha anautchera yekha, ndipo unagwira mwendo wake womwe. Wolemba zikwangwani ankafuna mndandanda wa mayina pakutha pa masabata awiri, ndipo mndandandawo ankaukonza ndi Chidindo yemweyo, pakompyuta ya kuntchito, nthawi yopuma masana. Tsiku lina analemba dzina la mkulu wake pansi pa chaka chake. Linakhala bwino zedi pamenepo. Ndani akanafunsa? Ndani akanatsutsa mlembi? Koma pambali pa kompyuta panali pepala lija la anthu makumi anayi ndi atatu amene anawabweza chifukwa chosowa umboni. Analiyang'ana pepalalo, n'kufufuta dzinalo. Mawa lake analilembanso, n'kulifufutanso. Munthu wina akanati kumeneku n'kuuma mutu, ndipo mwina n'zoona, koma ine ndimati anthu otere ndi ochepa ndipo tiziwasunga bwino.

Chimene analephera n'kuwauza amayi ake. Ankanyamuka kunyumba mawu ali okonzeka, koma akangoona nkhope yawo ankayamba za nyengo ndi za mankhwala a miyendo.

Loweruka m'mawa amayiwo anamuimbira foni.

"Bwera undiperekeze kwa telala. Ukufuna ndikaone dzina la mwana wanga nditavala nsanza?"

"Tipite kwa wa m'tauni uja, amayi. Amasoka masitayilo atsopano."

"Masitayilo ndipite nawo kuti ine? Tipita kuseri kwa sukulu, kwa mtsikana uja. Amayi ake ndiwo ankatisokera."

Mtsikanayo anali a Telala omwe aja, a imvi zawo. Chidindo anayenda ulendo umenewo ngati mwana wopita kuofesi ya a hedi.

Shopu yawo inali chipinda chimodzi. Pafupi ndi zenera panali makina opalasa ndi phazi, ndipo ukakhala pamenepo unkaona mpanda wa sukulu ndi denga la holo. Pachingwe chodutsa pakati pa chipinda panali malaya ang'onoang'ono odikira mabatani. Patebulo panali sizasi yaikulu yomangidwa kansalu pogwirira, nsimbi, ndi chitini cha mapini. Pamsomali wa kuseri kwa chitseko panalendewera mtolo wa tinsalu tatitali, tong'ambidwa ngati zingwe, chilichonse chili ndi mfundo zingapo. Chidindo anaziona, koma sanaziganizire kanthu.

A Telala anawalandira amayiwo ndi manja awiri, n'kuwakhazika pampando wokhawo wokhala ndi khushoni. Anamupatsanso Chidindo moni waulemu ngati palibe chimene chinachitikapo.

"Mundisokere labwino, mwanawe," anatero amayi aja akutambasula nsalu. "Ndikukaona dzina la mwana wanga pakhoma la sukulu. Mng'ono wakeyu ndiye akulemba."

Nkhani ya chiswe inali itafika kale mushopumo, poti pamakina a telala nkhani zimafika zisanafike kwa eniake. A Telala anamuyang'ana Chidindo kamodzi kokha. Iye anayang'ana nsapato zake. Mayi wina akanapezerapo mpata wobwezera, ndipo palibe akanamunena. Iwo anangoika tepi paphewa n'kufunsa mofatsa.

"Mwana wake uti, mayi?"

"Simungamukumbuke. N'kale. Tinkamuti Kamphepo."

"Wa kachipsera pachibwano? Amene ankati akaima kuti ayezedwe, miyendo n'kumapondaponda ngati pansi pakutentha?"

Amayi aja anagwira pakamwa. Zaka zonsezi, kunja kwa nyumba yawo, palibe munthu anatchulapo chipsera chimenecho.

"Tadikirani," anatero a Telala.

Analowa kuseri kwa katani, ndipo kunamveka kukhwekhwereza kwa chinthu cholemera. Anatuluka akukoka sutikesi yakale yachitsulo. Ataitsegula, munatuluka fungo la mankhwala othamangitsa njenjete. M'kati munali mitolo ya zingwe zansalu ngati zija za pamsomali, mtolo uliwonse uli ndi kakatoni kolembedwa chaka.

"Amayi anga sankadziwa kuwerenga," anafotokoza uku akusanthula mitoloyo. "Manambala a patepi kwa iwo anali nyerere basi. Ndiye mwana akabwera, ankang'amba kansalu kotsala, n'kumuyeza nako. Kuchokera phewa ili kufika phewa ili, mfundo. Kuchokera pakhosi kufika m'chiuno, mfundo. Kuzungulira m'chiuno, mfundo. Kuti asasokoneze ana, ankadula kachidutswa m'kati mwa mpendero wa chovala chimene mwanayo wabwera nacho, n'kukasokerera kumapeto kwa chingwe. Akaona kachidutswako ankaona mwana."

"Nanga osataya bwanji akamaliza kusoka?" anafunsa Chidindo.

"Mutaya bwanji muyeso wa kasitomala, bambo? Chaka chamawa kholo limabwera lokha, mwana ali m'kalasi. Umangotenga chingwe cha chaka chatha n'kuwonjezera zala ziwiri. Wina amati, msokereni uyu ngati mkulu wake ali sitandade 2. Ana atachuluka, amayi anayamba kusokonezeka, ndiye anandichotsa sukulu kuti ndizilemba mayina pazingwe. Ndinalira sabata yathunthu. Koma ndinalemba. Mpaka lero tepi ndimangoikoleka m'khosi kuti makasitomala andikhulupirire. Tepi ukaipinda yaiwala, chingwe sichiiwala."

Anasolola chingwe m'mtolo umodzi, china m'mtolo wotsatira, chinanso, kenako chachinayi. Anaziyala patebulo, chilichonse chotalikirapo pang'ono kuposa chinzake. Pa chilichonse panalembedwa ndi inki yofwifwa kuti Kamphepo, pamodzi ndi kalasi yake.

Amayi aja sanayang'ane zolembazo. Maso awo anali pa kachidutswa ka kumapeto kwa chingwe chachinayi, kobiriwira ka madontho oyera, kochepa ngati chikhadabo.

"Diresi langa ili," ananong'ona. "Linang'ambika kutsogolo, ndiye ndinadula kumbuyo kwake n'kumusokera malaya pamanja. Ankadana nawo. Ankati anzake akumuseka kuti wavala amake."

Anaseka, misozi ikutsika, n'kutenga chingwecho n'kuchikulunga m'dzanja.

"Chachinayichi ndi cha sitandade 4," anatero. "Tinabwera kudzamuyeza sukulu itangotsekera. Sindinabwerenso kudzatenga malayawo. Sindikanatha kudutsa msewu uno."

"Amayi anasoka ndithu," anayankha a Telala. "Anawasunga teremu yonse. Kenako anapatsa kamnyamata kena kamene kankabwezedwa pageti chifukwa chosowa yunifomu. Malaya a mwana wanu anakhoza sitandade 4, mayi. Anakhozanso 5, atafutukulidwa."

Pamenepo mtima wa Chidindo sunathenso kusunga. Anawauza amayi ake zonse, za kabati, za chiswe, za lamulo lake, ndi za dzina limene analilemba n'kulifufuta.

"Ndiye unkafuna undiuze liti?" anafunsa amayiwo. "Nditaima pakhoma ndi diresi latsopano ngati chitsiru?"

"Ndinkaopa, amayi."

"Unkaopa! Bambo ako enieni. Nawonso nkhani yoipa ankaisunga mpaka iwole."

Kenako Chidindo anatembenukira kwa a Telala. Manyazi anali atamugwira mpaka m'makutu.

"Mayi, ndinakubwezani ngati munthu wabodza. Pepani."

"Munagwira ntchito yanu, bambo. Ifenso kuno sitisoka za m'mutu." Anamwetulira pang'ono. "Masutikesi otere alipo asanu ndi awiri. Ngati akomiti anu angawafune, muuze munthu abwere ndi wilibala."

Komiti inakumana Lamlungu masana m'kalasi ya sitandade 2, akuluakulu atadzipanikiza m'timadesiki, mawondo ali m'mwamba. A Tcheya, mwini sitolo ya zipangizo zomangira, munthu wa mimba yake, anakhala patebulo la mphunzitsi chifukwa desiki inawakana. Wilibala anakankha ndi Chidindo mwini, maulendo atatu, jekete atavula. Atafotokoza nkhani yonse, osabisa kuti dzina la mkulu wake lili m'gulu la osowa umboni, mayi wina wa m'komitimo, loya pantchito yake, anakweza dzanja.

"Lamulo munabweretsa ndinu, a Mlembi. Lero lakulumani ndiye mukufuna tivomereze nsanza ngati umboni? Munthu akhoza kumanga mfundo pansalu dzulo n'kunena kuti ndi za makedzana."

Linali funso loyenera, lomwe Chidindo mwini akanafunsa nkhaniyo ikanakhala ya wina. Anayankha ndi a Telala.

"Tiyeseni, mayi. Wina anene chaka chimene anayamba sukulu."

A Tcheya anatchula chawo monyadira. A Telala anatsegula sutikesi yachitatu, anasanthula pang'ono, n'kusolola chingwe.

"Muwerenge nokha, bambo, kapena ndiwerenge ine?"

A Tcheya anavala magalasi, anayang'ana, n'kuyesa kubisa chingwecho m'thumba. Anachedwa. Woyendetsa malole anali atachilanda kale.

"Wamamina!" anawerenga mokweza. "Sitandade 1, Wamamina!"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Anawagwira a Tcheya kuti awayeze, ndipo muyeso wa m'chiuno mwawo wa nthawi imeneyo sunakwane n'kuzungulira ntchafu imodzi. Aliyense anayamba kufuula chaka chake. Anthu a maudindo awo, ena a zidzukulu, anaunjikana pamasutikesi ngati ana pogawa mabuku atsopano. Loya uja anatchula chake monyinyirika. Atapatsidwa chingwe, anayang'anitsitsa kachidutswa kachikasu ka timaluwa kamene kanali kumapeto.

"Ili ndi diresi limene bambo anga anandigulira tsiku lokandilembetsa," anatero potsiriza. "Ndabweza mawu anga, a Tcheya."

Pofika madzulo, mwa anthu makumi anayi ndi atatu aja, makumi atatu ndi asanu ndi atatu anali atapezeka m'masutikesi. Munapezekanso ana mazanamazana a zaka zodyedwa ndi chiswe, amene palibe anawafunsira. Mayina a pazingwe ambiri anali ongotchulana, choncho anagwirizana kuti azijambula n'kuzitumiza pagulu la pafoni kuti eniake ndi abale awo azizindikire. Zingwe zitatu za Kamphepo a Telala anazionetsa okha, poti chachinayi amayi aja anakana kuchisiya. Chidindo sanazikhudze. Anaweramira buku lake la zokambirana n'kulemba kuti dzinalo lavomerezedwa.

"Nanga chanu chili kuti, mayi?" anafunsa a Tcheya akupukuta misozi ya kuseka.

"Changa palibe," anayankha a Telala akutseka sutikesi. "Mwana wa telala sayezedwa. Ine ndinkavala zimene makasitomala akana."

Munthu amene anabwezera sukulu ana ake onse otayika analibe umboni wakuti iye mwini anaphunzirapo. Wina anati angowalemba basi, lamulo lione kwina. A Telala anapukusa mutu.

"Zondimvera chisoni ayi. Ngati palibe umboni, palibe."

Chidindo anaimirira. Moyo wake wonse anali atautha akuyang'ana zilembo, ndipo tsiku lonselo china chake pazingwe zija chinkamukodola. Anatola choko pansi pa bolodi.

"Amene munadutsa m'manja mwa aphunzitsi a Rula mu sitandade 1, bwerani kuno. Aliyense alembe mawu akuti galu."

Aphunzitsi a Rula anaphunzitsa kalasi yoyamba pasukulupo zaka makumi atatu, ndipo dzina lawo linachokera ku chimene chinkagwa pazala zako ukalemba mosasamala. Anthu asanu ndi mmodzi anapita kubolodi akuseka. Atamaliza anabwerera m'mbuyo, ndipo kuseka kunatha. Loya, woyendetsa malole, a Tcheya, namwino, onse chilembo choyambacho anachipatsa mchira wofanana, wotsika mowongoka kenako n'kupindikira m'mwamba ngati mbedza, wotsekedwa ndi kamzere kopingasa. Palibe buku limene limalemba choncho. Anali matenda a aphunzitsi a Rula okha, ndipo anapatsira mwana aliyense amene anakhala m'kalasi mwawo.

Chidindo anatenga chingwe cholembedwa kuti Gogoda, dzina la mnyamata wina wa nsapato zazikulu, n'kuchigwira pambali pa zolemba za pabolodi. Michira iwiri ya pachingwepo inali yomweyo, mbedza ndi kamzere kake.

"Ine ntchito yanga ndi zilembo," anatero. "Satifiketi munthu akhoza kugula. Mchira uwu sugulidwa, umachita kumenyedwera. Mayiwa ali ndi umboni masutikesi asanu ndi awiri."

A Telala anayang'ana zala zawo ngati akuziona koyamba.

"Ankamenya apa," anatero, akuloza chala chapakati. Kenako anaphimba nkhope ndi tepi yawo yomwe ija.

Chidindo anatulutsa fomu, anailemba yekha, anapumira pachidindo monga mwa chizolowezi chake, n'kudinda mwamphamvu mpaka tebulo linagwedezeka.

Tsiku la chikondwerero holo inadzaza. Khoma lonse linali mayina, mizere yakuda pa penti woyera, ndipo anthu ankayenda chammbali, zala zili pakhoma, akuitanizana akapeza mnzawo. Pakona panali tebulo lalitali la masutikesi otsegula, a Telala atakhala pambali pake ndi baji ya bungwe pachifuwa, anthu ali pamzere kudikira kuti aone mmene analili. Ana a sukulu ankadabwa kuona agogo awo akukanganirana tinsalu.

Chidindo anawagwira dzanja amayi ake n'kuwadutsitsa m'khamulo pang'onopang'ono. Diresi linawakhala bwino. Atafika pa chaka chake, anawaonetsa mzere wachisanu ndi chiwiri kuchokera pansi. Panalembedwa dzina lenileni la mwanayo, lonse lathunthu, limene Chidindo analimva kangapo kokha moyo wake wonse. Amayiwo anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda khoma. Anayendetsa chala pa chilembo chilichonse, milomo ikugwedera. Atafika kumapeto anayambiranso.

"Alipo," anatero.

Kenako anatsegula kachikwama kawo n'kutulutsa chingwe chija cha kachidutswa kobiriwira.

"Tembenuka."

"Amayi, anthu akuona."

"Aone. Tembenuka, ndipo uwerame, ndiwe wamtali."

Anatembenuka n'kupinda mawondo. Anamva chala cha amayi ake chikukanikiza poyambira chingwe pansonga ya phewa lake lamanzere, ndi dzanja linalo likuchitambasula kumsana. Mfundo yoyamba, imene inali phewa lina la mkulu wake, inathera pafupa la pakhosi, pakatikati pa msana.

"Taonani," anatero amayiwo motsitsa mawu. "Unamupitirira kalekale, ine osadziwa."

Chidindo anatembenuka, ndipo amayiwo anamuika chingwecho m'manja. Kanali koyamba kuchigwira. Anachitambasula pakati pa zala zake, kuchokera poyambira kufika pa mfundo ija. Chimunthu chachitali chija, chimene anakhala akuchiyang'ana chokweza mutu kwa zaka pafupifupi makumi asanu, mapewa ake anali otalika ngati rula ya mwana wa sukulu. Kanali kamwana ka zaka zisanu ndi zinayi, kosatha kuima malo amodzi, kodana ndi malaya a madontho. Chisoni chimene sanachimvepo chiyambire chinamugwera, ndipo analira pamaso pa bungwe lonse, mlembi wathunthu, chidindo chili m'thumba.

Amayi ake anamusiya alire. Atatha, anamupukuta kumaso ndi m'mphepete mwa mkono wa diresi latsopano lija.

"Basi, wakwana," anatero. "Bweretsa kuno mkulu wako, ungamunyowetse."